Kodi kusisita thupi kungawathandize bambo anga amene anadwala sitiroko?

Mwana wa wodwala, Chibavi

Bambo anga, omwe ali ndi zaka 68, anadwala sitiroko chaka chatha ndipo mbali yakumanja inafa. Potuluka ku Mzuzu Central Hospital anatilangiza kuti tizipita nawo kumafizo, koma ndalama ya galimoto sipezeka sabata iliyonse. Chiyambireni chisanu cha mwezi wa June, zala zawo zimangofumbata ndipo usiku amabuula ndi phewa. Azakhali akuti tiziwathowa ndi madzi otentha ndi kuwasisita mwamphamvu kuti magazi ayende. Kodi zimenezi n'zothandiza, kapena tiwonjezera vuto?

Wogwira ntchito ya mafizo, Katoto

Achimwene, kusisita kumathandiza, koma tiyambe tamvana kuti sikuchiritsa sitiroko, chifukwa chimene chinawonongeka chili mu ubongo osati m'dzanjamo. Chimene manja anu angachite ndi kufewetsa minofu yokungika, kuchepetsa ululu ndi kuwathandiza kupeza tulo, ndipo kwa munthu wongokhala pampando tsiku lonse zimenezi si zazing'ono.

Mawu oti "mwamphamvu" ndi amene andidetsa nkhawa. Phewa la mbali yakufa siligwira bwino chifukwa minofu yake inafooka, choncho mukawakoka mkono powadzutsa kapena powasisita, fupa limatha kusuntha pamalo pake ndipo ululu umakula. Pakani mafuta pang'ono m'manja mwanu, tsamiritsani mkonowo papilo, ndipo muzisisita pang'onopang'ono kuchokera kuzala kupita kuchigongono, kenaka muwongole chala chimodzichimodzi osakakamiza. Akakwinya nkhope, lekani.

Mukaona kuti katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha ndipo akupweteka, musasisitepo n'komwe, thamangirani nawo kuchipatala, pakuti mwina magazi aundana mumtsempha ndipo kusisita kungawasunthire kumapapo. Mankhwala a BP asasiye, ndipo tsiku limene mwapita kumafizo mupemphe kuti akuonetseni ndi manja zoti muzikachita kunyumba.

Mayi wa ku Luwinga

Pa nkhani yothowayo ndikuchondererani kuti musamale. Amayi anga amadwala shuga ndipo mapazi awo anachita dzanzi. Tsiku lina ndinawathowa ndi nsalu yoviika m'madzi amene ndinali nditangophula pambaula, iwo osadandaula chilichonse, koma kutacha ndinapeza matuza pachidendene, ndipo bala lake linatenga miyezi kuti lipole. Mpaka lero ndikaliona chipseracho mtima umandiwawa. Munthu amene mbali inafa nayenso mwina sangamve kuti akupsa, choncho madzi akhale ofunda chabe, ndipo muziyamba mwawayesa ndi chigongono chanu.

Bambo wa ku Chiputula

Ine ndinasamalira mkazi wanga pa matenda a khansa, ndipo anamwino osamalira odwala matenda amgonagona anandiphunzitsa kumusisita msana ndi mapazi, kupewa pamene panali chotupa. Ululu sunathe, koma usiku umene ndamusisita ankagona msanga, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ankandiuza zakukhosi zimene masana ankabisa pamaso pa ana. Muziyamba mwawapempha bambo anuwo musanawakhudze, ndipo muziwafunditsa mbali imene simukusisita, chifukwa munthu wamkulu amachita manyazi kuvulidwa ndi mwana wake.

Mwana wa wodwala, Chibavi

Zikomo nonse. Ndazindikira kuti takhala tikuwadzutsa powakoka mkono womwewo, ndipo mwina n'chifukwa chake phewa silikupola. Lachinayi ndipita nawo kumafizo pamodzi ndi azakhali kuti akadzionere okha kagwiridwe kake.