Kodi fodya amakweza shuga?

NaBanda wa ku Senga Bay:
Abale, bambo anga ndi msodzi, zaka 58. Awapeza ndi matenda a shuga. Tiyi akumwa wopanda shuga, nsima achepetsa, koma chingambwe ayi, ati chimawafunditsa usiku panyanja. Fodyayu akukhudzana nazo? Amadandaulanso chilungulira akangodya.

Namwino wa ku Kamuzu Road:
Kwambiri, achemwali. Nikotini wa mu fodya amachititsa thupi kusamvera insulini (timadzi ta m'thupi totsitsa shuga), ndiye shuga amangounjikana m'magazi, mankhwala n'kumaoneka ngati sakugwira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kusiya fodya kumachepetsa chiopsezo cha shuga wa mtundu wachiwiri ndi 30 mpaka 40 peresenti. Ine chimene ndimaopa ndi mapazi. Fodya amapanikiza mitsempha, magazi safika bwino kuzala, ndiye kabala ka mbedza kamatha kusanduka chilonda chosapola. Muziwayang'ana mapazi madzulo alionse.

Achimwene a ku Lifuwu:
Chilungulira ndi fodya yemweyo. Amafooketsa khomo la chifu, asidi n'kumakwera kummero. Zilonda zam'mimba nazo zimachedwa kupola.

Gogo wa ku Chipoka:
Asathawire ku fodya wa nsunko mwanawe, nikotini ndi yemweyo. Akasiya fodya, njala imakula, choncho aziyezetsa shuga pafupipafupi, mwina kuchipatala awasinthira mlingo wa mankhwala.