Kusala kudya kuti tichotse zoipa m'thupi, zimathandizadi kapena tikungodzizunza?

MakeAwiri_Ndirande

Abale ndithandizeni nzeru. Mnzanga wa ku banki m'khonde wandilowetsa mu gulu lina la pa WhatsApp la detox, akuti masiku 7 osadya kanthu, m'mawa madzi ofunda a mandimu ndi jinja, masana tiyi wina wa m'kapaketi amene akugulitsa iye yemweyo, usiku madzi basi kenako kugona. Akuti thupi limadzadza ndi poizoni chifukwa cha mafuta ophikira, shuga ndi nkhuku zoyerazi ndiye pamafunika kulitsuka kamodzi pachaka. Lero ndi tsiku lachitatu ndipo sikelo ikuti ndatsika ndi makilo awiri, zomwe zandisangalatsa sindinama, koma mutu ukundiwawa koopsa, ndikadzuka mwachangu chizungulire, m'kamwa mukununkha mpaka abambo akunyumba andiuza, lilime layera, ndipo chimbudzi ndiye chasanduka kwathu. Ndafunsa mu gulu muja adimini akuti ndisadandaule ndi zoipa zikutuluka zimenezo, ndilimbe mtima mpaka tsiku la 7. Ine ndimamwa mankhwala a BP, aja amati HCT, ndipo sindinasiye. Kodi alipo anayesapo? Zimathandizadi kapena ndikungodzipha ndi njala nsima ili m'nyumba?

Chiphadzuwa265

Achemwali pitirizani, ine ndinapanga chaka chatha masiku 5 ndipo ndinapepukidwa thupi lonse, mimba inaphwa, ngakhale khungu linasalala anthu kumandifunsa kuti ukudzola chani. Tsiku lachitatu ndi limene limavuta, mukadutsa limenelo basi mwawina. Makolo athu sankadya katatu patsiku ngati ifeyo ndipo matenda a shugawa sanali ochuluka ngati lero. Achipatala sangakuuzeni izi chifukwa amafuna muzimwa mapilisi awo.

NamwinoWaNight

Amayi, ndiyambe ndi chachangu kenako tikambe zinazo. Tiyiyo musiyeni lero lomwe ndipo mudye. Matiyi ambiri a detox amakhala ndi masamba a senna, omwe ndi mankhwala otsegula m'mimba, palibenso matsenga ena. HCT amene mukumwayo ntchito yake ndi kukodzetsa, amatulutsa madzi ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndiye inu mwaphatikiza kukodza, kutsegula m'mimba ndi kusadya, zonse zitatu zikukokera mbali imodzi. Potaziyamu akatsika kwambiri mtima umayamba kugunda mosokonekera, ndipo chizungulire mukunenacho chikhoza kukhala kuti BP yatsika chifukwa madzi achepa m'thupi. Mukamva mtima ukuthamanga, miyendo kufooka kapena kukokana, musadikire adimini, pitani kuchipatala akakuyezeni.

Tsopano za zoipazo. Funso langa kwa aliyense wogulitsa detox limakhala limodzi, poizoni wake uti? Dzina lake ndani? Tikayeza magazi musanayambe ndi mutamaliza, chatsika ndi chani? Mu 2009 gulu lina la asayansi achinyamata ku Britain, pansi pa bungwe la Sense About Science, linafunsa opanga zinthu 15 zolembedwa kuti detox funso lomweli, ndipo palibe anapereka umboni wogwira mtima, ngakhale tanthauzo la mawu akuti detox sanagwirizane. Mu 2015 ofufuza awiri a ku Sydney ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo pa zakudya za detox, anapeza kuti ndi wochepa, wa anthu owerengeka komanso wosachitika bwino, moti palibe chifukwa chokwanira chouzira munthu kuti apange zimenezi.

Thupi lili kale ndi zotsukira zake ndipo sizipita kutchuthi. Chiwindi chimaphwanya mowa, mankhwala ndi zina n'kuzisandutsa zoti zituluke mu ndulu kapena mu mkodzo. Impso zimasefa magazi usana ndi usiku, malita pafupifupi 180 patsiku, zambiri n'kubwezera m'thupi, zotsalazo ndiye mkodzo. Zikakanika impso munthu sapatsidwa mandimu, amamuika pa makina a dialysis, ndipo amene muli ndi abale opita ku Queens kapena ku Kamuzu Central kukasefetsa magazi mukudziwa kuti si nkhani yamasewera.

Zomwe mukumvazo zonse zili ndi chifukwa chake. Makilo awiriwo ambiri ndi madzi. Thupi limasunga shuga wapadera m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilo, ndipo galamu iliyonse imasungidwa ndi madzi okwana magalamu atatu, ndiye mukasiya kudya nkhokweyo imatha, madzi ake n'kutuluka, kuphatikizapo zomwe tiyi uja watulutsa m'matumbo. Mukadya nsima masiku awiri sikelo ibwerera pomwe inali, musadzakhumudwe. Fungo la m'kamwalo ndi chifukwa thupi layamba kuwotcha mafuta n'kumapanga zinthu zotchedwa ketones, china mwa izo ndi acetone, yemwe uja amanunkha m'mankhwala ofufutira penti wa zikhadabo. Lilime loyera ndi malovu kuchepa poti simukutafuna. Mutu nthawi zambiri ndi njala, kuchepa kwa madzi, komanso ngati mumamwa tiyi wa Chombe kapena khofi m'mawa uliwonse n'kusiya mwadzidzidzi mutu umawawa ndithu masiku angapo.

Achemwali a pamwambapa, zoti ife timafuna anthu azimwa mapilisi, m'chipatala cha boma mapilisiwo ndi aulere ndipo nthawi zina amasowa n'kusowa, tipindulapo chani kkkk. Amene akupindula apa ndi wogulitsa kapaketi.

Chiphadzuwa265

Chabwino anamwino, koma ine kupepukidwa ndinakumva ndekha, simungandiuze kuti ndinkalota.

NamwinoWaNight

Ayi simunkalota. Koma taganizani zomwe munasiya masiku 5 amenewo, zakumwa za shuga, chipisi cha pa chiwaya, mandasi, mwina ndi kamowa ka pa wikendi. Aliyense atasiya zimenezo amapepukidwa, ngakhale akudya nsima ya mgaiwa ndi nyemba ndi nkhwani katatu patsiku. Ndipo makolo athu aja ankalima, kuyenda pansi, kusinja, ndiye kusadya kwawo nthawi zambiri inali njala chabe ya mwezi wa Febuluwale, sankaikonda.

MtongaWaKuChintheche

Ine ndikufuna ndiwonjezere kanthu kamodzi kochokera kwathu. Ife timadya kondowole, ndipo chinangwa chowawa chili ndi poizoni weniweni wokhala ndi dzina, cyanide. Amayi athu amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kuchiyanika, kenako kusinja. Imeneyo ndiye detox yeniyeni, ndipo imachitikira pa chinangwa chisanalowe m'mimba, osati pambuyo. Kapoizoni kotsalako thupi limakachotsa lokha, koma kuti litero limafuna sulfure wochokera mu ndiwo za mapuloteni monga usipa, mazira, nyemba. N'chifukwa chake ku Nampula ku Mozambique mu 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1000 anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo, chifukwa ankadya chinangwa chosaviika mokwanira komanso analibe ndiwo. Njala sinawatsuke, inawalanda chida chotsukira.

N'chimodzimodzi ndi Panado. Chiwindi chimagwiritsa ntchito chinthu china chotchedwa glutathione kuti chithane ndi zotsalira za Panado, ndipo chinthucho chimachepa munthu akakhala osadya. Ndiye tangoganizani, mutu ukuwawa chifukwa cha kusala, munthu n'kumangomeza ma Panado mobwerezabwereza pamimba yopanda kanthu uku akuti akupumitsa chiwindi. Make awiri, ngati mwakhala mukumwa chifukwa cha mutuwo musapyole mlingo wolembedwa.

Ngati tikuopadi poizoni, tiope chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chija amati aflatoxin, chimenecho ndiye chimawononga chiwindi mpaka khansa makamaka kwa amene ali ndi hepatitis B. Tiope kachasu, fodya, utsi wa mbaula m'nyumba yotseka, mankhwala opopera tomato amene ena amathyola mawa lake atapopera. Palibe chimodzi mwa izi chimene madzi a mandimu amachotsa. Kusankhula mtedza wowola n'kutaya kumathandiza kuposa sabata yonse yosala, koma poti n'kwaulere palibe angatsegulire gulu la pa WhatsApp.

Wakujoni_Randburg

Aise ine sindikutsutsa anamwino koma tisataye zonse pamodzi. Kuno ku Joni anthu ambiri ku jimu amapanga ija ya 16:8, kudya mkati mwa maola 8 okha, maola 16 osadya, ambiri mwa iwo uli mtulo. Ine ndimadya komaliza 7 koloko madzulo kenako 11 koloko m'mawa, chaka chachiwiri tsopano, ndipo mimba ya mowa ija inapita, lamba ndinaboola mabowo ena awiri. Komanso kuli zija amati autophagy, kuti maselo amadya zinyalala zawo zomwe akasowa chakudya, munthu wa ku Japan Yoshinori Ohsumi anapata nayo Nobel mu 2016. Ndiye sikuti zonse ndi bodza.

NamwinoWaNight

Achimwene a ku Joni mwanena zoona mbali ina. Nobel ija ndi yeniyeni, koma bamboyo ntchito yake yaikulu anaichita pa yisiti, yemwe uja wofufumitsa buledi, ndipo zambiri zotsatira zinachitika pa mbewa za mu labu. Maselo athu amachita zimenezo tsiku lililonse ngakhale tikudya, ndipo zija mumawona pa TikTok zoti pa ola la 16 zimayamba, pa ola la 72 thupi lasanduka latsopano, manambala amenewo palibe anawatsimikiza pa anthu. Komanso zimene maselo amabwezeretsa ndi zidutswa zawo zakutha, si poizoni wa nkhuku yoyera.

Pa 16:8 palibe vuto kwa munthu wathanzi, ndipo ambiri imawathandiza chifukwa imatseka khomo la kudya usiku. Ku Guangzhou ku China anayesa anthu 139 onenepa kwa chaka chathunthu, zotsatira zinatuluka mu 2022, onse anachepetsa chakudya mofanana koma theka ankadya m'maola 8 okha. Magulu onse anatsika thupi ndipo kusiyana kwake kunali kochepa kosati n'kuwerengera. Ndiye chimagwira ntchito ndi kuchepetsa chakudya, wotchi imangothandiza kudziletsa. Koma inu mukudya tsiku lililonse, mayiwa akuuzidwa masiku 7 opanda kanthu ndi mankhwala otsegula m'mimba pamwamba, si zofanana olo pang'ono.

Ndipo ena asayese n'komwe osafunsa kuchipatala: a shuga makamaka omwa glibenclamide kapena obaya insulin chifukwa shuga amatha kutsika mpaka kukomoka, oyembekezera ndi oyamwitsa, a zilonda zam'mimba, a vuto la impso, ana, ndi amene ali pa mankhwala a TB. Amene muli pa ma ARV chonde musadumphe ngakhale tsiku limodzi chifukwa wina wanena kuti mapilisi ndi poizoni, ndamvapo zimenezi m'magulu oterewa ndipo zimandipweteka mtima.

AbitiWaKuMangochi

Ife timasala mwezi wonse wa Ramadan ndipo sitinanenepo kuti ndi zotsuka chiwindi, ndi kupembedza. Dzuwa likalowa timafuturu, m'bandakucha timadya dakwi, ndipo odwala, apaulendo, oyembekezera ndi oyamwitsa amaloledwa kudzabweza masikuwo nthawi ina. Chipembedzo chenichenicho chinaika chifundo pa wodwala, ndiye adimini wa pa WhatsApp ndi ndani kuti aziuza munthu wa BP kuti alimbe mtima? Anzathu achikhristu amene mumasala masiku 21 mu Januwale, ambiri ndimawona mumadya madzulo, zili bwino. Zoopsa zimayamba pamene wina akuti usadye konse ndipo ukafooka akuti ndi chizindikiro chabwino, zija za ku Shakahola ku Kenya mu 2023, kumene m'busa wina anauza anthu ake kuti asale kudya mpaka kufa, mitembo yoposa 400 inafukulidwa m'nkhalango, nawonso ankauzidwa kuti apirire. Sindikuti gulu lanulo ndi lotero ayi, ndikungoti mawu akuti limbani mtima ndimawaopa akamachokera kwa munthu amene sadzakhalapo mukagwa.

MakeAwiri_Ndirande

Zikomo nonse. Ndawerenga kapaketi kaja kumbuyo ndi tochi ya foni poti zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere, senna alipodi, woyamba pa mndandanda. Ndaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndamwa pang'onopang'ono ndi nthochi imodzi, mutu wayamba kuleka. Mawa m'mawa ndipita akandiyeze BP. Chovuta tsopano n'chakuti tiyiyo ndinatenga pa ngongole mapaketi atatu ndipo mnzangayo ndi msungichuma wa banki m'khonde yathu, ndiye sindikudziwa kuti ndiyambira pati kumubwezera awiri osatsegulawa, Loweruka tikukumana.

Wakujoni_Randburg

Kkkkk mumuuze kuti zoipa zonse zatha tsiku lachitatu, otsalawo apatse ena. Anamwino, nanga timapepala ta detox tija tomata kuphazi usiku m'mawa n'kupezeka tada akuti ndi zoipa zatuluka, mlamu wanga akufuna ndimutumizire pa basi ya Lachisanu.

NamwinoWaNight

Musanatumize tengani kamodzi mudonthezere madzi a pampopi, osakamata paliponse, mukasiye usiku wonse muwone mtundu wake m'mawa. Make awiri, mapilisi a BP mupite nawo akawawone, ndi kapaketi ka tiyiko komwe.