Ma half crown osakanikirana: tiwagule pa mtengo wanji?

Wosula mphete:
Akuluakulu, pali ma half crown (makobiri akale a mashiling'i awiri ndi theka) 40 ogulitsa, ena a ku Britain, ena a Southern Rhodesia omwe ankayenda kuno nthawi ya Nyasaland. Mwini wake akufuna mtengo umodzi pa onse. Maginito sakugwira ngakhale limodzi. Ndiye kuti onse ndi siliva?

Wogula zitsulo:
Ayi achimwene, maginito angakugwetseni m'mbuna. Kopa wosakaniza ndi nikelo nayenso sagwira, ndipo amayera ngati siliva. Yambani ndi chaka. A ku Britain osafika 1920 ali ndi siliva 92.5 pa 100, a 1920 mpaka 1946 ndi theka, kuyambira 1947 mulibemo kanthu. A Southern Rhodesia a 1932 mpaka 1942 ndi 92.5, a 1944 mpaka 1946 theka. Olembedwa Rhodesia and Nyasaland ikani pambali, mulibe siliva.

Half crown imalemera magalamu 14.14, choncho yoyambirira ija imapereka magalamu 13 a siliva, yatheka 7 basi. Koma musawerenge makobiri, yezani mulu uliwonse pasikelo, chifukwa operepeseka amakhala atataya kulemera. Mtengo wa siliva wa pa intaneti ndi wa troy ounce, magalamu 31.1. Gawani kaye mtengowo ndi 31.1 kuti mupeze wa galamu imodzi, kenaka muchotse phindu lanu.

Wa sikelo:
Ngati chaka chafufutika, asidi ayi, amasiya banga. Ikani kapu ya madzi pasikelo yowerenga mpaka 0.01, bwezerani pa ziro, mangani kobiri ndi ulusi, mulimize osakhudza pansi kapena m'mbali. Gawani kulemera kwake ndi nambala yomwe yatuluka. Mukapeza cha m'ma 10.3 ndi siliva wabwino, 8.9 ndi kopa ndi nikelo, yatheka imagwera pakati. Thovu likamatirira pa kobiri nambala imanama, ligwedezeni lichoke.

Wosunga makobiri akale:
Chonde musathamangire kung'anjo. Half crown ya ku Britain ya 1905 ndi yosowa, mtengo wake umaposa siliva wake kutalitali, chimodzimodzi tiki (kakobiri ka mapeni atatu) ya ku South Africa ya 1931. Alionse omwe tsitsi la mfumu likuonekabe bwinobwino apatuleni. Ndipo osawakwecha ndi phulusa kapena mankhwala a mano! Kuda kuja ogula amakufuna, pomwe timikwingwirima ta kukwecha timagwetsa mtengo.

Wosula mphete:
Zamveka. Ndipanga milu inayi: a 92.5, atheka, opanda siliva, ndi oyenera kuonetsa kaye. Nanga atheka aja ndingasulire mphete?

Wogula zitsulo:
Osayesa, amada msanga pachala. Agulitseni kwa oyenga.