Thandizo pa Chemistry: precipitate ya copper ija imapita kuti ukawonjezera ammonia?

Moni nonse, makamaka aphunzitsi a Chemistry amene muli muno, ndithandizeni chonde. Ndili folomu 4 ndipo MSCE ili pakhomo. Sabata yatha mu labu timayesa ma ion, ndinatenga copper(II) sulphate ija ya buluu nkudonthezamo ammonia pang'ono, munatuluka zinthu za buluu wotuwa ngati kaphala, ndinalemba kuti precipitate. Koma nditawonjezera ammonia kaphala konse kanasungunuka, madzi nkusanduka buluu woderako kwambiri. Ndimaona ngati ndalakwitsa ndiye ndinabwereza kawiri, zomwezo. Kuloweza ndikhoza koma ine ndikufuna ndimvetse, kanapita kuti? Nanga bwanji zinc nayo inasungunuka koma madzi ake opanda mtundu uliwonse?

Mphunzitsi wa Chemistry: Mwana wanga sunalakwitse, ndimomwe zimayenera kukhalira. Cu2+, ion ya copper ija, ikakhala m'madzi sikhala yokha, imazunguliridwa ndi ma molecule 6 a madzi, [Cu(H2O)6]2+. Ozungulirawo ndiye ma ligand, aliyense amapereka ma electron ake awiri kwa copper, copper sapereka kanthu, bond imeneyi ndi dative. Ammonia wochepa amangobweretsa OH- m'madzimo ndiye pamapangika Cu(OH)2, kaphala unaona kaja. Akachuluka, NH3, ammonia yemweyo, amene ali ndi lone pair (ma electron awiri osalowa mu bond) pa nitrogen amayamba kugwira copper mwini wake, anayi amalowa nkupanga [Cu(NH3)4(H2O)2]2+. Ameneyu ali ndi chaji, nchifukwa chake amasungunuka. Copper sanapite kulikonse, wangosintha omuzungulira.

Wofunsa: Zikomo kwambiri aphunzitsi, apa ndayamba kuona. Ndiye kuti buluu uja si wa copper payekha?

Mphunzitsi wa Chemistry: Eya wagwira pamenepo. Ukawotcha ma crystal a copper sulphate madzi nkuchokamo amatsala ufa woyera, ukadonthezapo madzi buluu amabwerera. Ma ligand akafika amagawa ma d orbital a copper (malo okhala ma electron ake ena), ena amakhala pamwamba ena pansi, ndiye electron imatenga gawo la kuwala kuti idumphire pamwamba, kotsalako nkomwe maso ako amaona. Ukasintha ligand mpata uja umasintha, mtundu nawo umasintha. Cu2+ ili ndi ma electron 9 mu d, malo odumphira alipo. Zn2+ ili ndi 10, modzaza, palibe kodumphira, ndiye madzi ake amangokhala mbee.

Wophunzira ku koleji: Kuwonjezera pa zomwe anena aphunzitsiwo, mu copper sulphate yomweyo mukathira HCl wa concentrated amapita ku girini mpaka chikasu, [CuCl4]2-, ma chloride ndi akuluakulu amangokwanapo 4 osati 6. Koma mng'ono wanga izi usakayese wekha, asidi ameneyu amaotcha ndipo ammonia naye osamununkhiza pafupi. Amene anayamba kufotokoza za kazunguliridwe kameneka ndi Alfred Werner, analandira nazo Nobel mu 1913.

Namwino: Ine Chemistry ndinasiya kale koma izi timakumana nazo kuntchito. Mu haemoglobin wa m'magazi muli Fe2+, ion ya iron, oxygen amagwira pamenepo ngati ligand nkukatsika m'thupi. Mpweya wa carbon monoxide wochokera ku makala umagwira malo omwewo molimba kuposa oxygen ndipo suchoka msanga, nchifukwa chake anthu amakomoka ena kufa kumene akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi yozizira ya June ndi July. Sununkha, suoneka. Chonde ana inu mukamawerenga usiku mbaula izikhala panja.

Wofunsa: Amayi zimenezo sindimadziwa, kwathu timalowetsa mbaula kukazizira, ndiwauza amayi anga lero lomwe. Aphunzitsi funso lomaliza, pa practical ndilembe formula yonse ija?

Mphunzitsi wa Chemistry: Akafunsa zomwe waona lemba zomwe waona, precipitate ya buluu wotuwa, yasungunuka ammonia atachuluka, madzi a buluu woderako, kenako Cu2+ ilipo. Ndipo uzidontheza pang'onopang'ono, ambiri amakhuthula ammonia kamodzi precipitate osaiona nkomwe, malikisi nkupita.