Kodi kuimba nyimbo uli wekha ndi pemphero?

Nachisale:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo. Ndikagwada kuti ndipemphere pandekha, mawu amandithera msanga, ndipo mtima umayamba kuyendayenda, mwina ku fizi ya ana, mwina ku ngongole ya banki mkhonde. Koma ndikayamba kuimba motsitsa nyimbo imodzi ya m'buku, mtima umakhazikika ndipo ndimamva kuti Mulungu ali pafupi. Mnzanga wina wa ku mpingo akuti kumeneko ndi kutamanda chabe, pakuti pemphero lenileni limafuna mawu akoako. Kodi ndikupemphera, kapena ndikungothawa pemphero?

Bambo Phiri a ku Dowa:
Mayi Nachisale, mnzanuyo akusiyanitsa zinthu zimene Malemba sasiyanitsa kwenikweni. Buku la Masalimo ndi buku la nyimbo, komabe m'menemo ndi momwe timapeza mapemphero ozama koposa, monga Salimo 51, pamene Davide akulapa tchimo lake. Pa Machitidwe 16:25 timawerenga kuti Paulo ndi Sila, ali m'ndende ku Filipi, mapazi awo ali m'zigologolo, pakati pa usiku ankapemphera ndi kuimbira Mulungu nyimbo, ndipo wolembayo sanatiuze pamene pemphero linathera ndi pamene nyimbo inayambira. Ngakhale Ambuye Yesu ali pa mtanda anafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22, amene analembedwa kalekale ndi munthu wina.

Komanso nyimbo zina zimene timaimba pagulu zinabadwira m'seri. Nyimbo yonena kuti Yesu ndiye bwenzi lathu inayamba ngati ndakatulo imene Joseph Scriven analemba ali ku Canada cha m'ma 1855, pofuna kutonthoza mayi ake amene anali kutali ku Ireland, ndipo maimbidwe ake anawapeka pambuyo pake Charles Converse. Choncho mukaiimba nokha m'chipinda, simukuilakwira konse.

Nangozo:
Ndikugwirizana ndi Bambo Phiri, koma mnzanu uja sanalakwe kotheratu. Nyimbo imene munthu waiimba kuyambira ku Sande sukulu imatha kutuluka pakamwa yokha, mtima uli kumsika, ndipo kukoma kwa maimbidwe kumatha kugwetsa misozi popanda munthu kuganizira liwu ndi limodzi lomwe. Paulo akuti pa 1 Akorinto 14:15 adzaimba ndi mzimu, komanso ndi chidziwitso. Ine chimene chimandithandiza ndi kutsegula buku ndi kuwerenga ndime imodzi pang'onopang'ono osaimba, ndipo pamene palembedwa "ife" ndimaikapo "ine", pamene pakutchulidwa zolemetsa ndimatchula dzina la cholemetsa changacho, kaya ndi matenda a mwana kapena mkangano wa pabanja. Mukatero mudzaona kuti mawu anuanu, amene mukuti amakutherani, ayamba kubwera okha.

Mbewe:
Ine ndiwonjezereko za malo. Mateyu 6:6 amanena za kulowa m'chipinda ndi kutseka chitseko, koma ambiri a ife amene timachita lendi m'tauni tilibe chitseko chotere, popeza chipinda chimodzi timagonamo ndi ana, ndipo wailesi ya aneba imayamba kulira tambala asanalire kachiwiri. Apa ndi pamene nyimbo yoloweza pamtima imaposa buku, chifukwa Aefeso 5:19 amanena za kuimbira Ambuye mumtima, ndipo zimenezi zimatheka uli pamzere wa pamjigo kapena utapanikizika m'minibasi.

Nachisale:
Zikomo nonse. Mayi Nangozo, kodi ndime imodziyo mumaibwereza masiku angapo, kapena tsiku lililonse mumatenga ina?

Nangozo:
Ndimaibwereza mpaka nditaona kuti ndilibenso chonena pa ndimeyo, kenaka ndimapita pa yotsatira. Korasi ndimaidumpha dala, chifukwa ndi imene pakamwa panaizolowera kwambiri.