Kamunthu kanga kayamba kumva kulemera kwa chigubu

Abale, sabata yatha ndinafunsa kuti bwanji kamunthu kanga ka mu Blender (pulogalamu ya pa kompyuta yopangira makatuni) kakanyamula chigubu cha madzi kamaoneka ngati kanyamula pepala. Ambiri munati ndijambule munthu weniweni, ndiye ndinajambula mng'ono wanga pa mpopi kuno ku Kalingalinga mu Lusaka ndi foni chabe, chigubu cha malita 20. Ndaona kuti asananyamule amayamba wawerama nkuima kaye pang'ono, akadzuka phewa limatsikira mbali ya chigubu dzanja linalo lili m'mwamba, ine zonsezi ndinazilumpha. China, foni imajambula mafulemu (zithunzi zotsatizana zopanga vidiyo) 30 pa sekondi pomwe ine mu Blender ndili pa 24, ndiye nthawi inkasemphana mpaka ndinasintha vidiyo ija. Kuima kuja ndaonjezera mafulemu 4, manje kulemera kukuoneka ndithu, zala zokha zikadali zouma gwa.