Ndithandizeni: zophika zachangu ndikaweruka, komanso kagulidwe koti ndalama ifike kumapeto a mwezi

WophikaWatsopano:

Moni nonse. Ndangoyamba kumene kukhala ndekha ndipo nkhani ya chakudya yandivuta zedi. Kuntchito ndimaweruka mochedwa, pofika pakhomo ndimakhala nditatheratu nde zoti ndiyambe kusenda, kuwaza, kudikira poto awire sizibwera n'komwe m'mutu, ndimangogula zophikaphika panjira basi mwezi ukamafika pakati ndalama yatha kale. Ndikati ndilimbe mtima ndigule zambiri nthawi imodzi tomato amaola, masamba amafota, buledi amachita chuku ndisanamufike pakati. Firiji ndili nayo koma ndi kakang'ono, kafiriza kake kongokwana timapaketi tochepa. Ndi zakudya ziti zomwe munthu angaphike mu mphindi 30 ndi poto mmodzi olo awiri, zokhutitsa osati zongonyenga m'mimba? Nanga anzanga mumagula bwanji kuti zikutchipireni koma osatola zachabechabe? Chonde amene mulembe maphikidwe lembani ndi miyezo yomwe, mawu oti "thirani madzi okwanira" ine sandithandiza, okwanirawo ndi ochuluka bwanji?

MayiWaAtatu:

Achemwali musadandaule, simukufunika maphikidwe ambirimbiri ayi, atatu okha owadziwa bwino akukwanirani kuyambira.

Yambani ndi mpunga wa mu poto mmodzi. Kapu 1 ya mpunga imafuna makapu 2 a madzi, kapu yomweyo yomwe mwayezera mpungayo ndi yomwe muyezere madzi, apa ndi pomwe ambiri amasokoneza. Kazingani anyezi mmodzi mu masupuni 2 akulu a mafuta mpaka afewe, ikani tomato 2 ndi karoti wodula ting'onoting'ono, tomatoyo apse mpaka mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Thirani mpunga wotsuka, takasani pang'ono, thirani madzi otentha ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ukawira chepetsani moto kwambiri, vundikirani, mphindi 15 mpaka 18 osavundukula komanso osatakasa, ndikubwereza osatakasa chifukwa mukamangoupitapita ndi chikombe umamata. Kukatsala mphindi 5 swerani mazira 2 pamwamba n'kuvundikiranso. Mukazimitsa moto usiyeni kaye mphindi zina 5. Kapu imodziyo ndi ya anthu awiri, ndiye mwapezeratu chotenga kuntchito mawa.

China ndi mazira ophikira mu tomato. Anyezi, adyo, tomato 3 olo 4, tsabola ngati mumadya, zipse mpaka msuzi ulimbe, boolani timaenje ndi supuni n'kuswera mazira momwemo, vundikirani mphindi 5 mpaka 7. Mumadyera buledi, mpunga, mbatatesi, chilichonse chomwe chilipo.

Koma chomwe chimandipulumutsa ine pakhomo pano ndi nyemba zophikiratu. Tsiku lomwe simukupita kuntchito phikani poto wamkulu. Zinyikeni usiku wonse, maola 8 kapena kupitirira, tayani madziwo, thirani ena, ziwire mwamphamvu kaye kenako moto wochepa ola limodzi kapena ola ndi theka malinga ndi nyembazo. Musazikazinge zonse, zigaweni zili zoyera choncho m'timakontena kapena m'timapepala ta pulasitiki, muzipapatiza kuti zikwane mu kafiriza kanuko. Madzulo mukungotulutsa kamodzi, lero mwakazinga ndi tomato, mawa mwaponya mu mpunga uja, tsiku lina mwaphika supu ndi mbatatesi ndi kabichi, mphindi 15 zatha mukudya. Ine ndinaphunzitsidwa kuti mchere uzibwera kumapeto nyemba zikafewa, ndipo ndimatero mpaka lero.

Wamsika:

Mayi afotokoza bwino za kuphika, ine ndilankhule za kugula chifukwa ndagwirapo ntchito yapashelefu komanso ndagulitsako zamasamba. Chinthu choyamba, musamayang'ane mtengo wa paketi, muziyang'ana mtengo wa kilo. Paketi ya magalamu 500 ichulukitseni ka 4 muyerekeze ndi ya makilo 2, foni muli nayo m'manja ili ndi kakyuleta. Nthawi zambiri yaikulu imatchipa koma si nthawi zonse ayi, pena yaing'ono ikakhala pa seli imaposa yaikulu, ndipo pena opanga amachepetsa kulemera paketi n'kuisiya ikuoneka chimodzimodzi. Mu supamaketi zinthu zomwe akufuna mugule amaika pashelefu yoyang'anana ndi maso, zotchipa zimakhala pansi olo pamwamba penipeni, werama pang'ono. Mpunga, shuga, mchere, fulawa, supageti za dzina la sitolo yomweyo zimakhala bwinobwino, zinazo mukulipirira dzina ndi malonda a pa TV.

Vuto lanu achemwali ndikuliona, mukugula zonse mofanana. Zogula zili mitundu iwiri. Zouma monga mpunga, nyemba, mafuta, supageti, zam'chitini, izi gulani kamodzi mukangolandira, zambiri ndithu, ndipo ngati thumba lalikulu likukulirani gwirizanani ndi mnzanu kapena neba mugule kuholoselo n'kugawana. Zisungeni m'chidebe chotseka bwino anankafumbwe asalowe. Koma zoola monga tomato, masamba, zipatso, izi gulani za masiku atatu basi, olo wogulitsa akunyengerereni bwanji kuti mulu waukulu ndi wotchipa. Chotchipa chomwe mwataya theka ndiye kuti mwachigula pamtengo wowirikiza. Bungwe la FAO linanena mu lipoti lake la 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cha padziko chimaonongeka kapena kutayidwa, ndipo ine zomwe ndinkaona zikupita kubini madzulo aliwonse sindikutsutsa.

Zamasamba zomwe zimapirira ndi kabichi, karoti, anyezi, mbatatesi, maungu. Kabichi mmodzi amatha sabata ndi kupitirira mu firiji mukamangodula mbali yomwe mukufuna. Muzitsata nyengo, chinthu chikachuluka pamsika ndi pomwe chimatchipa komanso ndi pomwe chimakoma, chikasowa chisiyeni kaye mudye china. Madzulo msika ukamatsekedwa ogulitsa zoola amatsitsa chifukwa sakufuna kugona nazo, pamenepo mutha kunenerera bwinobwino mwaulemu. Tomato wofewa wotsika mtengo mutengeni, mukafika muphikeni yense ndi anyezi akhale msuzi, mugawe muike mu firiza. Tomato gulani wosakaniza, wakupsa wa lero ndi wosapsetsa wa mkuja.

Kasungidwe nako. Mbatatesi ndi anyezi musaike pamodzi, zimaonongana msanga, ndipo mbatatesi zimafuna pamdima popita mphepo, osati mu pulasitiki womanga. Nthochi ndi maapozi zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene womwe umapsetsa zinzake, nde zitalikitseni ndi masamba, koma ngati muli ndi peyala losapsa liikeni limodzi ndi nthochi mu pepala lipsa msanga. Buledi gawani pakati, theka mu firiza. Nkhuku gulani yathunthu muzidula nokha, zidutswa zodula kale zimadula, ndipo mafupa ndi khosi muwiritse mupeze msuzi wophikira mpunga uja.

Pomaliza madeti. Pakalembedwa best before ndiye kuti likadutsa tsikulo chinthucho chikhoza kuchepa kukoma koma nthawi zambiri chimadyeka ngati chasungidwa bwino, ndiye mpunga kapena supageti wotsitsidwa chifukwa deti layandikira tolani. Pakalembedwa use by, monga pa nyama ndi mkaka, pamenepo osachita masewera. Ndipo lembani lisiti musanachoke pakhomo mutayang'ana kaye zomwe zatsala, osapita kogula muli ndi njala.

NamwinoWausiku:

Zonse zanenedwazi ndi zabwino koma ndiwonjezere za chitetezo chifukwa anthu otsekula m'mimba kaamba ka chakudya chogona timawalandira pafupipafupi. Mpunga wotsala ndi woopsa kuposa mmene anthu amaganizira. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus komwe sikafa konse pophika, mpunga ukakhala pa tebulo maola ambiri uli wofunda kamachulukana n'kutulutsa poizoni yemwe olo mutenthetse satha. Ndiye wotenga kuntchito uja muuyale pa mbale uzizire msanga, ulowe mu firiji pasanathe ola, muudye mawa lake, ndipo kutenthetsa ndi kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi paliponse. Zophika zina zonse zisapitirire maola 2 zili panja. Firiji izikhala pa madigiri 5 kapena kutsika.

Nyemba, makamaka zofiira zija, ziwire mwamphamvu zosachepera mphindi 10 musanachepetse moto, zili ndi poizoni wachilengedwe yemwe amafa ndi kuwira kwenikweni, zikangofunda osawira zimasanzitsa. Nkhuku yaiwisi musaitsuke pampopi, madzi othovokawo amamwaza tizilombo pa mbale ndi pa sinki, kupsa ndi komwe kumapha tizilombo, mkati mufike madigiri 75, ngati mulibe choyezera bayani pa ntchafu msuzi utuluke woyera wopanda magazi. Mpeni ndi thabwa zomwe mwadulira nyama tsukani ndi sopo musanadulire zodya zosaphika.

A Wamsika, za tomato wofewa ndikuvomera koma wofewa yekha, wachuku kapena wonunkha ayi. Buledi wachuku nayenso si wodula mbali n'kudya kwinako, chukucho chimakhala chalowa mkati. Mtedza ndi chimanga zachuku, olo zitchipe bwanji, zisiyeni, zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi ndipo kukazinga sikumuchotsa. Mbatatesi yobiriwira kwambiri kapena yowawa tayani. Chitini chotupa olo chodontha musagule.

Mayi, pa mchere ndisiyana nanu pang'ono mwaulemu. Mchere suumitsa nyemba, chomwe chimaziletsa kufewa ndi zowawasa monga tomato, mandimu ndi viniga, ndiye izi ndi zomwe zizibwera kumapeto. Nyemba zokhalitsa nazonso zimavuta kupsa olo mutani. Nkhawa yanga pa mchere ndi kuchuluka, WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi yokha, ndipo timakyubu tokometsera tija ndi mchere wambiri kale, mukaponya kamodzi musathirenso mchere wina musanalawe. Komanso nyemba zili ndi ayironi, mukadyera limodzi ndi tomato, kabichi kapena lalanje thupi limamutenga bwino, pomwe tiyi womwera pa chakudya pomwepo amatchinga, mumwe pakapita nthawi.

WophikaWatsopano:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonsezi mu kope. Za kugawa zouma ndi zoola zandigwira mtima, ndiyamba mwezi uno. Koma funso lina, nyemba zowira ola ndi theka sizindithera magetsi? Ndimaopa kuti zomwe ndapulumutsa pogula zithera ku mayunitsi. Anzanga ena akuti ndiziponyamo soda zipse msanga, ndi zoona? Komanso supageti palibe wanenapo maphikidwe ake, ndili naye paketi koma ndikaphika amangomatana.

BachalaWakale:

Achemwali za magetsi zili ndi njira. Nyemba zonyika ziwiritseni mwamphamvu mphindi 15 mpaka 20 mu poto wa chivundikiro chogwira bwino, zimitsani, chotsani potoyo pa chitofu osavundukula, mukulungeni mu bulangeti lokhuthala olo mataulo n'kumuika mu basiketi kapena katoni, pansi ndi pamwamba pomwe pakhale potchinga. Musiyeni maola 3 kapena 4, kutentha komwe kuli mkatimo kumamaliza ntchito. Mukatsegula ziwiritseninso pang'ono musanadye kapena kugawa. Poto akhale wodzaza ndithu chifukwa wochepa amazizira msanga. Mukadzapeza ndalama gulani pressure cooker, poto wotseka kwambiri wophika ndi mphamvu ya nthunzi, nyemba zonyika zimapsa mosapitirira theka la ola. Soda amafewetsadi koma ine sindimukonda, amaononga mavitamini ena monga B1 ndipo akachuluka nyemba zimamveka sopo. Njira ina ndi mphodza, sizifuna kunyika usiku wonse, zambiri zimapsa mu mphindi 20 mpaka 40 malinga ndi mtundu wake.

Supageti amamatana chifukwa cha madzi ochepa kapena kumuika madzi asanawire. Munthu mmodzi ndi magalamu 100, paketi ya 500 igaweni pasanu, madzi lita imodzi, awire kaye kwambiri, mchere, kenako supageti, takasani mu mphindi yoyamba chifukwa ndi pomwe amagwirana. Mphindi 8 mpaka 10, onani zomwe alemba pa paketi, lawani kamodzi musanakhetse. Mafuta m'madzimo osathira, ndi kungotaya. Pomwe akuwira kazingani anyezi, adyo ndi tomato mu poto wina, tsegulani chitini cha nsomba muthiremo, zimenezo mphindi 10 zapsa. Musanakhetse tungani theka la kapu ya madzi a supagetiyo, thirani supageti mu msuzi uja pamodzi ndi madziwo pang'onopang'ono, takasani pa moto mphindi imodzi, msuzi umagwira bwino. Ngati nsomba palibe ikani nyemba zanu zija kapena kabichi wowaza mopyapyala. Nsomba zikatsala musazisiye mu chitini, thirani mu kontena n'kuika mu firiji.

MayiWaAtatu:

A Namwino ndamva, poto wa sabata ino ndiyesa kuthira mchere poyamba ndione. Za bulangeti ndi zoona ndimachita, kungoti potoyo ikani poti ana sangamufike chifukwa amakhala wotentha kwa nthawi yaitali. Achemwali, timapaketi ta mu firiza tija muzilemba deti ndi cholembera, ndipo ta mawa muzititsitsira mu firiji usiku musanagone kuti pofika madzulo tikhale titasungunuka.